Zikomo kwa onse amene mwathandiza ana athu achialubino kumaliza chaka cha sukulu

Sukulu zatsekera, ndipo ana a khungu lachialubino amene timawayang'anira kuno ku Mulanje, kuyambira ku Chitakale mpaka ku Limbuli, afika kumapeto osasiyira panjira. Ena alemba mayeso a Sitandade 8. Ife makolo, aphunzitsi ndi azaumoyo amene timakumana pa nkhaniyi tati tithokoze poyera, ndipo titchule zimene munachita kuti ena atengereko.

Aphunzitsi, tiyambe ndi inu. Mwana wachialubino saona bwino patali, maso ake amagwedezeka, ndipo kuwala kumamuthobwa. Akakhala kumbuyo amakopera zolakwika, mayeso n'kulephera, anzake n'kumamuti mbuli, mapeto ake iye n'kukhulupirira. Kudziderera kumayambira pomwepo. Zikomo inu amene munamukhazika kutsogolo, pakati, kutali ndi zenera, mukulemba zilembo zikuluzikulu pa bolodi lopukuta bwino ndi kutchula mokweza chilichonse chimene mukulemba. Bolodi lotuwa ndi fumbi la choko kwa iye ndi nkhungu chabe. Simunamukalipire akayandikitsa buku pamphuno, poti zimenezo siziwononga maso. Simunamuwongole khosi akapendeketsa mutu, poti wapeza pamene maso amadekha. Ndipo inu amene munamukhazika ndi mnzake, osati yekhayekha pampando wapadera ngati chionetsero, munaona patali. Nawonso aphunzitsi aakulu amene anadziwitsa a MANEB pa nthawi yolembetsa kuti pakufunika mapepala a zilembo zazikulu, ndi kulola chipewa ndi malaya a manja aatali pa asembule, alandire ulemu wathu.

Anamwino ndi alangizi a zaumoyo, mwatopa nafe. Ena amadabwa kuti mafuta oteteza khungu ku dzuwa akukhudzana bwanji ndi kudzidalira. Taonani mwana wa milomo yong'aluka ndi zilonda m'makutu: amaweramitsa nkhope, safuna kujambulidwa, sakweza dzanja m'kalasi. Khungu likachira, amadzutsa mutu. Munatiphunzitsa kuti mafuta akhale a SPF 50 (nambala ya pabotolo yosonyeza mphamvu yake yoteteza ku dzuwa), ofinyira m'litali mwa zala ziwiri kuti akwanire nkhope ndi khosi, opakidwa mphindi 20 asanatuluke, ndi kubwereza pakatha maola awiri kapena akatuluka thukuta. Poiwalika ndi m'makutu, kumbuyo kwa khosi, pamilomo ndi pamwamba pa mapazi. Cholakwika chachikulu kwathu kuno ndi chiperoni. Phiri likaphimbika, kukazizira, makolo amasunga botolo poganiza kuti dzuwa kulibe, chonsecho cheza chake chimadutsa mitambo. Vaseline sateteza, ndipo botolo losiyidwa pazenera kapena pafupi ndi malata limaonongeka ndi kutentha. Kachilonda kokhakhala kamene katha masabata atatu osapola kaonedwe kuchipatala, kasanasanduke khansa.

Atelala a pamsika, zikomo posoka zipewa za mlomo wozungulira wa masentimita 8, za nsalu yokhuthala imene ukaiyang'anitsa kudzuwa kuwala sikudutsa. Chipewa cha mlomo wakutsogolo kokha chimasiya makutu ndi khosi pamtunda. Chinanso, munkafunsa mwanayo mtundu umene akufuna. Chipewa chosankha yekha amachivala. Chomukakamiza chimathera m'chikwama akangokhota pakona.

Mafumu athu ndi atsogoleri a mipingo, mwatipepuza katundu. Munanena pabwalo kuti chialubino chimachokera kwa bambo ndi mayi omwe, ndipo onse awiri akakhala nacho m'magazi, mimba iliyonse ili ndi mpata umodzi mwa inayi wobereka mwana wotere. Mawu amenewa achotsa chitonzo pa amayi ambiri. Munaletsanso mayina aja a "napweri", "mzungu dala" ndi "ndalama", n'kulamula kuti mwana aziitanidwa ndi dzina lake. Abambo amene mumayenda ndi ana anu masana pamsewu, kuwagwira dzanja anthu akuona, mukudziwa nokha chimene mwachita.

Ana amafunsa ngati alipo ena onga iwo. Timawauza kuti kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'Malawi muno, kuti a Overstone Kondowe, amenenso ndi achialubino, anasankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo ku Nkhotakota mu 2021, ndiponso kuti pa 13 June dziko lonse lapansi limakumbukira tsiku lawo. Zikomo a APAM, bungwe la anthu achialubino m'Malawi, popitiriza kulankhula m'malo mwawo.

Pa tchuthi chino, makolo, musawatsekere m'nyumba chifukwa cha mantha. Azisewera ndi anzawo pamthunzi, pamalo pamene akuluakulu akuwaona. Ntchito za kumunda ndi kotunga madzi azigwira isanakwane 10 koloko m'mawa kapena ikadutsa 4 koloko madzulo, ndipo mafuta akayamba kuchepa m'botolo pitani kuchipatala asanatheretu.