Mungu wa ma orchid si ufa ayi

Abale, ine ndinkadziwa kuti mungu ndi ufa basi, ngati wa ngayaye za chimanga uja umauluka ndi mphepo. Koma maluwa ambiri a mtundu wotchedwa orchid ali ndi zawozawo, mungu wake umaumbidwa pamodzi kukhala timibulu tangati phula totchedwa pollinia, nde kachilombo kakabwera kuzasaka timadzi totsekemera kamakhudza kachinthu komata kotchedwa viscidium, basi kamachoka m'bulu onse utakanirira pamutu kapena pamwendo.

Chandigometsa kwambiri nchoti khungu la mungu limapangidwa ndi sporopollenin, chinthu cholimba zedi choti ngakhale asidi sachiononga chisawawa, koma mu pollinia za mitundu yambiri khunguli limangokhala pa mungu wakunja okha, wamkati ulibe poti ndi otetezedwa kale. Ndipo kumanga mtolo chonchi kuli ndi chifukwa, kachipatso kamodzi kamakhala ndi njere masauzandemasauzande zonga fumbi, nde ulendo umodzi wa kachilombo uyenera kubweretsa mungu ozikwanira zonsezo.

Ku Nyika kuli mitundu yopitilira 200 ya ma orchid, kuphatikizapo Disa ndi Satyrium zomwe anthu amakumba pokonza chikanda, ndipo ine zimandiwawa akamazikumba zisanabereke njere.