Thonje lowotcha lija layamba kugwira utoto

Anzanga, aerogel ya kaboni ija, chinthu chopepuka chodzaza timabowo chimene ndikupanga powotcha thonje kuti chiziyeretsa madzi, tsopano ikugwira utoto wa buluu wotchedwa methylene blue! Madzi amene anali a buluu wothithikana m'botolo ayera mbee.

Ndikugwiritsabe ntchito thonje losapota la ku Balaka, kuliwotcha m'chitini chotseka bwino chokwiriridwa m'makala, kutentha kukafika cha m'madigiri 800. Njira yopangira aerogel ya wasayansi Pekala ya 1989, yosakaniza mankhwala a resorcinol ndi formaldehyde, ndinaisiya. Formaldehyde si wosunga m'nyumba mokhala ana, ndiponso gel yopangidwa m'njirayo ukaiumitsa popanda freeze dryer (makina oumitsa zinthu mozizira kwambiri) timabowo take timaphwanyika. Thonje lili kale ndi mipata yake.

Pa oyilo wakutha wa galimoto panalibe vuto, imamwa ngati siponji. Chimene chinandisowetsa tulo ndi utoto. Moto woterewu umachotsa okosijeni pamwamba pa ulusi, ndiye chinthucho chimakana madzi: chimangoyandama, dontho likagwerapo limagubuduka. Utoto uli m'madzi, madziwo sakulowa, ugwidwa bwanji? Kuikanikizira pansi ndi supuni sikunathandize. Kuinyika kaye mu spiriti kunathandiza pang'ono, madzi analowa, koma buluu anangochepa chabe, poti ulusi wowotchedwa kamodzi uli ndi timabowo ting'onoting'ono tochepa. Ena munati ndiipere. Ayi, ukapera watsala ndi fumbi la makala lovuta kulivuula m'madzi.

Chathandiza ndi KOH (potassium hydroxide), mankhwala amphamvu owotcha khungu. Ndinanyika aerogel ija m'madzi a KOH, kuiumitsa, kuiwotchanso m'kapoto ka stainless, kenako kutsuka mpaka pepala la pH litabwerera pa 7, kusonyeza kuti KOH watha. Kutsukako musakuchite mothamanga, chifukwa KOH wotsalira amasintha yekha mtundu wa methylene blue, inu n'kumati kaboni wagwira ntchito. Aluminiyamu asayandikire, amadyeka, ndipo magolovesi ndi magalasi musavule. Tsopano imamira ndi kugwira utoto, koma yafewa, ikuyoyoka m'mphepete, ndipo mafuta sikumwanso monga kale.

Methylene blue ndimagula kusitolo ya nsomba zoweta m'magalasi kuno ku Blantyre, amagulitsa ngati mankhwala a nsomba. Bambo a pamenepo ndi omwe anandipezera timabotolo tofanana, toyerekezera mtundu pa kamera ya foni.

Kamerayo siikwanira, ndikufuna ndiyezetse madziwo kwa amene ali ndi spectrophotometer, makina oyeza kuchuluka kwa utoto ndi kuwala, pa 664 nm, pomwe methylene blue amamwa kuwala kwambiri. Zikatero ndilongedza zidutswa m'paipi, ndidutsitse madzi a mumtsinje wa Mudi, kenako ndiyese mankhwala owononga madzi otchedwa phenol ndi mankhwala opopera m'minda ya thonje momwemo.