Ulendo wathu wa ku Chigwa cha Shire: makande, milatho ndi mafunso omwe tidanyamula

Gulu lathu ndi la mainjiniya a zomangamanga, ambiri achinyamata, ndipo nthawi zambiri timathandizana pa foni. Wina akakakamira pa pulani amatumiza chithunzi, ena n'kumuyankha. Koma chithunzi sichionetsa dothi. Choncho anzathu ogwira ntchito ku Chikwawa ndi ku Nsanje atatiitana kuti tikaone zomwe amalimbana nazo, tidagwirizana kuti aliyense anyamule vuto lenileni lomwe lili pa desiki pake, akalifunsire komweko. Lipotili ndalembera inu amene simudathe kupita nawo.

Tidanyamuka ku Blantyre m'mamawa, mwezi wa Okutobala, kutsetsereka zitunda za msewu wa M1 mpaka pa Thabwa, n'kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu. Pofika pa Dyeratu n'kuti malaya atanyowa kale ndi thukuta. Apa mpamene adatilandira bambo wina wachikulire, injiniya yemwe wakhalitsa m'chigwachi, ndipo ndi amene adatitsogolera ulendo wonse.

Funso langa lidali la buloko ya makalasi awiri yomwe ndikujambula, yomwe ikamangidwe pa dothi lakuda la makande. Nyumbayo ndi yopepuka, makoma a mabuloko a simenti ndi denga la malata, moti katundu wofika pa maziko ndi wochepa zedi. Ndimafuna kudziwa ngati maziko wamba otsatira khoma, a mamilimita 600 m'lifupi, angakwane, kapena ndiwakulitse kufika 900 kuti mtima ukhale m'malo.

Bambowo sadayankhe pomwepo. Adatitengera ku nyumba ina chakufupi ndi Ngabu, yomangidwa zaka zingapo zapitazo. Panja pake dothi lidali litang'ambikang'ambika, ming'alu yoti dzanja langa lidalowa mpaka m'mkono. Pakhoma, mng'alu udayambira pakona ya zenera n'kukwera mopendekera mpaka kudenga, wotakata kumwamba, wopyapyala kumunsi. Chitseko chimodzi chidali chopalidwa m'munsi kangapo. Wosamalira pamalopo adati m'dzinja chimakana kutsekeka, m'chilimwe chimasiya mpata.

"Achimwene," adatero bambowo, "inu mukuopa kuti nyumba imira. Kuno nyumba simangomira ayi, imanyamulidwanso."

Adafotokoza kuti makande amafufuma akamwa madzi ndipo amanyala akauma. Pakati pa nyumba chinyezi sichisinthasintha kwenikweni chifukwa pali pansi pa denga, koma m'mphepete dothi limauma ndi dzuwa kenako n'kunyowa ndi mvula chaka ndi chaka. Ndiye makona amatsika ndi kukwera pomwe pakati padakhazikika, ndipo khoma la mabuloko silipindika, limangosweka. Chomwe chidandikhudza kwambiri n'chakuti kukulitsa maziko sikuthandiza: mukatero mwachepetsa kulemera kopanikiza dothi, ndipo dothi lofufumalo lapeza malo aakulu okankhapo. Nyumba yopepuka ndiyo imavutika kuposa yolemera.

Tidakhala pansi pa mtengo n'kukambirana njira. Ena adati tikumbe mpaka kupyola pomwe chinyezi chimasinthira, koma kuya kwakeko si kongoganizira, kumafuna kukumba maenje oyesera ndi kutumiza dothi ku labu kuti aone kuchuluka kwa dongo ndi momwe limafufumira. Ena adati tichotse makande onse tiike gelavulo, kutsendera mamilimita 150 nthawi imodzi. Mayi wina wa ku Nsanje, yemwe wamangitsa zipinda zingapo zoterezi, adaumirira pa silabu imodzi yolimbitsidwa ndi mabimu (mitanda ya konkire ndi zitsulo) pansi pake, kuti nyumba ikamasuntha isunthe yonse pamodzi, ndi ring beam (lamba wa konkire ndi zitsulo) pamwamba yomanga makoma onse. Mnzathu wina adadandaula za mtengo wa simenti ndi zitsulo. Mayiwo adayankha kuti kuli zinthu zotchipa zomwe timaziiwala pa pulani: khonde la konkire lozungulira nyumba, loposa mita imodzi ndiponso lopendekera kunja, ngalande yotaya madzi a padenga kutali, ndi kusabzala mitengo kapena kuika mpope pafupi ndi khoma. Ine ndidaona kuti mayiwa akunena zoona. Zinthu zimenezi timazisiyira kontirakitala ngati zokongoletsa, chonsecho ndi mbali ya maziko.

Za milatho ndiye zidatenga nthawi yaitali, ndipo n'zomveka. Chigwachi chidaona madzi osefukira a mu Januwale 2015, a mu 2019, namondwe wa Ana mu Januwale 2022 yemwe adagumula mbali ya damu la Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 pa magetsi a dziko lino, kenako Freddy mu Malichi 2023. Tidaima pa mtsinje wa Mwanza. Mchenga wochokera kumtunda wadzadza mumtsinjemo moti mpata wa madzi pansi pa mlatho wachepa. Amene adawerengera mpatawo adawerengera mtsinje womwe udalipo panthawiyo, koma lero ulipo wina.

Mlongo wathu wina adabwera ndi funso la kalavati ya pa kamtsinje kamene kamauma m'chilimwe. Masamu ake a madzi osefukira omwe amayembekezereka kamodzi pa zaka 50 adampatsa kalavati ya mabokosi awiri a konkire odutsamo madzi. Titafika pamalopo tidapeza agogo ena akudyetsa mbuzi, ndipo mtsogoleri wathu adawapatsa moni n'kufunsa, "Agogo, chaka cha Freddy madzi adafika pati?" Iwo adatiyendetsa kamtunda ndithu kuchoka pamtsinje, n'kuloza pa thunthu la mtengo pomwe khungwa lidasupuka chifukwa chogundidwa ndi zipika, pamwamba pa phewa langa. Adaonjeza kuti madzi okha sakadavuta, koma adabwera ndi mitengo yathunthu ndi mapesi, zidatseka kalavati yakale, madzi n'kudzipezera njira pambali.

Zimenezi tidaziona m'malo angapo: konkire ili chilili, koma dothi lolumikiza msewu ndi mlatho lidapita, kapena madzi adakumba pansi pa maziko n'kuwasiya m'malere. Tonsefe timathera nthawi yambiri pa zitsulo za silabu ya pamwamba, pomwe chimene chikugwetsa milatho yaing'onoyi chili pansi ndi m'mbali. Malangizo omwe mlongoyo adalandira adali akuti bokosi limodzi lalikulu ndi labwino kuposa ang'onoang'ono ambiri chifukwa zinyalala zimadutsa, aike kakhoma kolowa pansi kumtunda ndi kumunsi kwa kalavati kuti madzi asafukule, atalikitse makoma a m'mbali, ndipo ateteze gombe ndi ma gabion (madengu a waya odzaza miyala) okhala ndi nsalu yosefa kumbuyo kwake.

Pa mfundo imodzi sitidagwirizane. Bambo aja adati pa misewu ya kumidzi ndi bwino kumanga chowolokera chotsika choti madzi akachuluka adutse pamwamba, mawa lake anthu n'kumawoloka, kusiyana ndi mlatho wautali womwe ndalama zake sizikwana kuuteteza bwino. Mayi a ku Nsanje adakana, nati iwo adaonapo mayi woyembekezera akudikira kutsidya usiku wonse. Mtima wanga uli kwa mayiwa, ngakhale ndikudziwa kuti mlatho wokokoloka umadikiritsa anthu zaka, osati usiku umodzi.

Tidayenderanso malo ena omwe amathira konkire. Kutentha kwa kuno kumapyola madigiri 40, choncho a foromani amayamba kusanache ndipo amaphimba silabu ndi masaka onyowa kwa masiku osachepera 7. Adationetsa timabuloko ta simenti tomwe amaumba okha, tokhala ndi waya, tonyamulira zitsulo kuti zisagunde dothi. Zidutswa za njerwa adaziletsa chifukwa zimamwa madzi n'kudzimbiritsa chitsulo. Chachilendo kwa ambiri a ife chidali chakuti mijigo ina m'chigwachi imatulutsa madzi amchere. Konkire yosakaniza ndi madzi otere itha kupambana mayeso a kulimba kwake omwe amachitika pakatha masiku 28, koma mcherewo umadya zitsulo pang'onopang'ono m'kati. A foromaniwo amayezetsa madzi asanayambe ntchito.

Madzulo ku Nchalo nkhani idafika pa mabuku a malamulo omwe timatsata powerengera kulimba kwa zomangamanga. Ambiri tidaphunzira BS 8110, yomwe ku Britain komweko adaisiya mu 2010, pomwe ena ayamba Eurocode 2, ndipo pa milatho timagwiritsa ntchito malamulo a SATCC, a maiko a kumwera kwa Africa. Chenjezo lidali lakuti tisasakanize: ukatenga 1.4 ndi 1.6 ya BS 8110 pochulukitsa katundu (kulemera kwa chomangidwacho ndi kwa zomwe chimanyamula), usakatengenso njira za Eurocode yomwe imayendera 1.35 ndi 1.5. Tidagwirizananso kuti wofunsa pagulu azitchula kutalika kwa bimu, katundu, mtundu wa dothi ndi buku lomwe akutsata, ndipo woyankha asangoti "ikani Y16" (chitsulo cha mamilimita 16), afotokoze chifukwa chake. Wosaina pulani ndiye mwini udindo, kaya nzeru adaitenga kwa yani.

Pa buloko yanga ija ndapempha kuti akumbe maenje oyesera m'makona ndi pakati ndisanapitirize, ndipo khonde ndi ngalande ndazilowetsa kale pa pulani ya maziko. Anzathu a m'chigwa atiitananso mu Febuluwale kuti tikaone malo omwewo makande atanyowa. Amene mukufuna kupita nawo mulembetse msanga, ndipo mudzatenge majombo.