Masabata 6 sikelo ili pa 91, koma lamba ndaboolanso

Lero m'mawa sikelo yawerenga makilo 91.2. Lachisanu lapitalo 91.0. Sabata inayo 91.4. Masabata 6 tsopano sikelo yangoima malo amodzi, ndipo ndikuuzeni zoona anzanga zinandiwawa moti sabata yatha ndinatsala pang'ono kuzisiya zonse. Chandipangitsa kulemba lero ndi lamba. Dzulo madzulo ndinawotcha msomali pa mbaula n'kuboola bowo lina, lachitatu chiyambire Malichi, chifukwa thalauza ya ku ntchito yayamba kumangotsika ndikamakwera minibasi. Nditamanga lambayo ndinakhala pakhonde kanthawi mutu utaima, mimba ikuchepa koma sikelo ikukana, zikutheka bwanji?

Kwa amene simunatsatire kuyambira kumayambiriro, ndinayamba zochepetsa thupi ndili pa makilo 96, msinkhu wanga ndi mamita 1.76. Miyezi iwiri yoyamba zinkayenda bho, sabata iliyonse kanthu kamachoka, pofika kumapeto kwa Meyi ndinali pa 91. Pulogalamu sinasinthe, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu zitsulo kuseri kwa nyumba kuno ku Chilomoni, Loweruka m'mamawa kukwera Njira ya Mtanda ku Michiru. Squat, kunjuta n'kudzuka chitsulo chili pamapewa, ndinayamba ndi makilo 40, pano ndikukankha 75 kasanu motsatizana osavutika kwenikweni. Push up zinali 8 basi manja n'kumanjenjemera, pano 30. Pull up ndinalibe ngakhale imodzi, pano zikutuluka 4 zoyera bwino chibwano kudutsa chitsulo. Phiri lija ndinkakwera mphindi 52 n'kupuma katatu, Loweruka lapitali 38 osaima ngakhale kunali chiperoni chozizira mpaka m'mafupa. Zonsezi ndinkaziona ndithu, zili mu kope, koma mtima unali pa nambala imodzi ija.

Ndiye poyamba ndinaganiza kuti sikelo yafa. Apa ndi pamene masiku anathera. Ndinasintha batire, palibe. Ndinaichotsa pa kapeti yaku chipinda n'kuiika pa simenti, inasintha ndi theka la kilo, ndipo apa ndinaphunzira kuti sikelo za digito zimafuna pansi polimba ndi pofanana, pa kapeti kapena pa mkeka zimanama. Koma pa simenti pomwepo mawa lake inabwereranso ku 91 yake. Kenako ndinatenga chigubu cha malita 20, ndinadzaza madzi mpaka pa mzere n'kuchiika pamwamba, poti lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi. Inawerenga 21 ndi pang'ono, kuphatikiza kulemera kwa chigubucho zikugwirizana. Ndinawonjezera mapaketi a shuga awiri a 1 kg, inakwera ndi 2 ndendende. Sikelo ili bwino bwino. Sindinakhutirebe, Lachinayi popita ku ntchito ndinaima mtauni pa bambo ena aja amakhala ndi sikelo m'mbali mwa msewu, ndinalipira n'kukwera nsapato zili kuphazi, 93. Tsiku lonselo ntchito sinayende.

Chimene ndinachita pambuyo pake ndi chimene ndikufuna wina asabwereze. Ndinadula nsima ya usiku yonse, masana kamtanda kamodzi ndi masamba, m'mawa tiyi wopanda kanthu. Masiku 9. Tulo tinasowa, ndinkadzuka 2 koloko usiku njala ili chire, ana akangofunsa kanthu ndikuwakalipira popanda chifukwa. Tsiku la 9 pa ulendo wachitatu wa squat maso anachita mdima, ndinaponya chitsulo kumbuyo n'kukhala pansi pa dothi, makutu akulira. Mayi akunyumba anatuluka ndi kapu ya madzi n'kungoti, "Bambo a ana, kodi mukufuna kuonda kapena kudwala?" Mawa lake ndinakwera sikelo, 90.3. Nditayambiranso kudya bwino masiku atatu okha inabwerera pa 91. Kutanthauza kuti chimene chinachoka masiku onse aja ambiri anali madzi ndi chakudya cha m'mimba basi, ndipo squat inatsika kufika 65, zinanditengera sabata ndi theka kuti ndibwerere pomwe ndinali.

Amene ananditsegula maso ndi atelala. Ndinapititsa mathalauza awiri kuti akabweze m'chiuno, ndi adala omwewo amene anandisokera suti ya ukwati wa mlamu wanga mu Febuluwale ndiye miyezo yanga inali ikadali m'buku mwawo. Anazunguliza tepi, anayang'ana m'buku, anazungulizanso. "Achimwene, paja m'chiuno munali masentimita 103, lero muli 96. Mwadwala kapena?" Ndinawauza kuti ndi zitsulo. Anayezanso pachifuwa ndi m'mapewa, pamenepo pawonjezeka 2. Ndinagula tepi yanga tsiku lomwelo, ya mtengo wochepa ija ya pulasitiki, ndipo pano ndikuyeza pa mchombo Lamlungu lililonse m'mawa nditatulutsa mpweya, osakoka mimba.

Nditakhala pansi n'kuwerenga kope langa bwinobwino zinayamba kumveka. Sabata imene sikelo inaima ndi sabata yomweyo ndinayamba creatine, ufa uja amamwa onyamula zitsulo, magalamu 5 patsiku. Creatine imakokera madzi mu minofu, kilo imodzi kapena ziwiri si zachilendo masabata oyambirira, ndinkazidziwa izi koma sindinazilumikize. Chachiwiri ndi glycogen, shuga wosungidwa m'thupi. Thupi limasunga magalamu 400 mpaka 500 mu minofu ndi m'chiwindi ndipo galamu iliyonse imakhala ndi madzi pafupifupi magalamu 3, n'chifukwa chake ukasiya nsima sikelo imatsika msanga msanga ukayambiranso imakwera, mafuta osakhudzidwa n'komwe. Kuwonjezera apo mchere. Tsiku limene ndadya usipa wouma kapena kanyenya, mawa lake ndimalemera ndithu. Ndipo minofu ikapweteka pambuyo pa tsiku lolimbitsa miyendo nayonso imasunga madzi pochira. Zija timanena kuti minofu imalemera kuposa mafuta, kilo ndi kilo, kungoti kilo ya minofu imatenga malo ochepa, lita imodzi ya minofu ndi pafupifupi 1.06 kg pamene ya mafuta ndi 0.9. Kwa ife oyamba kumene amene tili ndi mafuta ambiri zimatheka kuwotcha mafuta uku ukumanga minofu nthawi imodzi, lamba n'kumaona koma sikelo osaona.

Koma ndisaname kuti zonse ndi madzi ndi minofu, palibe amene amamanga makilo a minofu m'masabata 6. Mbali ina ndi pakamwa panga. Chiyambireni kunyamula zolemera njala inakula, ndipo mtedza wokazinga uja ndimagula pa depoti ndikamadikira minibasi ndinkauona ngati si chakudya. Magalamu 100 a mtedza ali ndi ma calorie, muyezo wa mphamvu ya chakudya, oposa 550. Supuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira 120, ndipo soya pieces zanga ndinkazikazinga ndi masupuni atatu osawerenga. Kilo imodzi ya mafuta a m'thupi ndi ma calorie pafupifupi 7,700, ndiye ngati pa tsiku ukuwotcha ma calorie 400 kuposa amene ukudya kenako mtedza n'kubweza 300, mwezi utha osaona kanthu. Mtedza sindinasiye, ndi protein yotchipa, koma pano ndi kadzanja kamodzi, ndipo mafuta ndikuyeza ndi supuni. Nsima ya mgaiwa yabwerera usiku, mitanda iwiri yapakatikati, ndiwo zambiri, mazira, nyemba, usipa, chambiko ndikachipeza. Ndikuyesetsa kufika magalamu 130 a protein patsiku ngakhale thumba silimalola masiku onse.

Pa nkhani ya zitsulo, ambiri mwakhala mukufunsa ma plate atsopano aja, zolemera zozungulira zoika uku ndi uku kwa bar, chitsulo chachitali chonyamulira chija. Ndi a mnyamata wina wowotcherera ku Ndirande, amatenga ma flywheel ndi ma brake drum a magalimoto akale n'kuboola pakati kuti alowe pa bar, ndipo chimene ndimamukondera amayeza kaye pa sikelo yopachika n'kulemba kulemera kwake ndi penti, osangoyerekeza. Amene munaona zoyamba zija za simenti m'zitini za penti mukukumbukira mmene zinathera, chimodzi chinali 14 china 16, phewa lakumanzere linkandipweteka mwezi wonse osadziwa chifukwa, mpaka china chinasweka nditachigwetsa pa deadlift, kunyamula chitsulo kuchokera pansi kuja. Ngati mukuumba zanu yezani simenti ndi mchenga musanathire madzi, ikanimonso waya mkati. Nsapato zokwerera phiri ndinapeza pa kaunjika ku Limbe, pitani tsiku limene atsegula belo m'mamawa, masana mumapeza zotsalira zokhazokha.

Sikelo sindinaitaye. Ndikukwerabe m'mawa uliwonse ndikachoka ku chimbudzi ndisanamwe kanthu, ndikulemba, koma ndikuyang'ana avareji ya masiku 7 osati nambala ya tsikulo, poti thupi limatha kusintha ndi kilo kapena ziwiri pa tsiku limodzi lomwelo. Avareji ya sabata ino ndi 90.9, yatha inali 91.2, kaya ndi chiyambi kaya ayi tiona. Mtima umagundabe ndikamaponda, zimenezo sizinathe.

Chimene ndikuthamangitsa pano ndi 88 pa tepi, chifukwa langizo la azaumoyo ndi lakuti chiuno chisapitirire theka la msinkhu, ndipo theka la 176 ndi 88. Atsala masentimita 8. Squat ndikufuna 100 Khirisimasi isanafike, ndiye ndiyenera kupitanso ku Ndirande kukaoda ma plate ena awiri a 10. Ndipo chaka chamawa ndikufuna kukaima pa mzere woyambira mpikisano wothamanga wa Porters Race ku Mulanje, makilomita oposa 20 a phiri lokhalokha kuyambira ku Likhubula, sindinathamangepo kupitirira 6 koma maganizo amenewa akukana kuchoka m'mutu. Amene munathamangapo mundiuze kuti munayamba bwanji kukonzekera zotsetsereka, maondo anga ndi amene akundidetsa nkhawa.