Zikomo inu amene munandisungira nthawi ndi mpamba

Mwezi uno ndamaliza kubweza ngongole ya makina anga osokera, ndipo ntchito yosoka yatuluka m'nyumba mwathu, yalowa m'kachipinda kakekake komwe ndikuchita lendi. Ndalembanso mtsikana mmodzi wondithandiza kudula ndi kusita. Mauthenga oyamikira abwera ambiri, ndipo ena akulankhula ngati zonsezi ndachita ndekha. Ayi ndithu. Pali anthu amene sanagwirepo singano chibadwire koma thukuta lawo lili mu bizinesi imeneyi, ndipo lero ndikufuna ndiwathokoze poyera.

Kusoka ndinaphunzira ndili mtsikana, ndipo kwa zaka zambiri ndinkasokera mabwana ena, n'kumalandira malipiro pakutha pa mwezi. Mumtima ndinkalakalaka changachanga. Ndinkasunga pang'onopang'ono, ndipo ndalama zitatsala pang'ono kukwana makina abwino, amayi anga anadwala sitiroko. Mkono ndi mwendo wakumanja zinafooka, kulankhula kunavuta. Atatuluka m'chipatala anabwera kwathu, chifukwa mwa ana awo onse ine ndi amene ndinali pafupi. Zosunga zanga zinathera ku mankhwala ndi mayendedwe, ntchito ndinasiya. Sindidandaula ngakhale pang'ono. Ndi amayi anga, ndipo ndikanadwala ine iwo akanachita zoposa pamenepa.

Koma amene sanadwazikepo munthu wa sitiroko sangadziwe mmene tsiku limathera. Miyezi yoyamba tinkawatembenuza pabedi pakatha maola awiri aliwonse, usana ndi usiku womwe, kuti asatuluke zilonda. Kudya kunali kwapang'onopang'ono, atakhala tsonga, kuopa kutsamwa. Kuwasambitsa, kuchapa zofunda, kuwongola mkono ndi mwendo monga anatiphunzitsira a mafizo (othandiza ziwalo zofooka kuti zigwirenso ntchito), kukumbukira mankhwala a BP pa nthawi yake. Uku ana akufuna yunifomu, wina watentha thupi, wina homuweki yamuvuta. Pokagona umapeza kuti wagwira ntchito kuyambira mbandakucha koma palibe ola limodzi limene linali lako. Anthu akamanena zoyamba bizinesi amathamangira kunena za mpamba. Mpamba ndi wofunikadi, koma chimene ine ndinkasowa kwambiri chinali maola otsatizana oti ndikhale pansi, ndiyeze, ndidule, ndisoke popanda wondiitana. Nsalu ukaidula maganizo ali kwina yaonongeka basi, ndipo nsaluyo ndi ya mwini.

Ndinadzazindikira pambuyo pake kuti sindinali ndekha m'vuto limeneli. Bungwe la ILO, loona za ntchito pa dziko lonse, linatulutsa lipoti mu 2018 losonyeza kuti ntchito yosamalira ana, odwala, okalamba ndi pakhomo popanda malipiro, magawo atatu mwa anayi aliwonse amagwira ndi amayi. Lipoti lomwelo linati amayi 606 miliyoni a msinkhu wogwira ntchito sanali pa ntchito yolipidwa chifukwa cha udindo umenewu, pomwe abambo anali 41 miliyoni. Nditamva manambala amenewa mtima unandiwawa, chifukwa m'gulu limenelo muli akatswiri ambiri a manja awo amene palibe anawafunsapo kuti kodi inu mumafuna kuchita chiyani.

Ine wondifunsa anapezeka, ndipo ndi inu amuna anga. Tsiku lina usiku, amayi atagona, munandipeza ndikuyang'ana zithunzi za makina pafoni. Simunanene kuti dikirani amayi achire kaye, kapena kuti ana akule kaye, ngakhale mukanatero palibe akanakudzudzulani. Munakoka mpando n'kunena kuti, "Tandiuzani, kuti ntchito yanu iyende mukufuna maola angati pa tsiku?" Ndinayankha kuti anayi. Munati, "Chabwino, tiwasake maola anayiwo." Kuyambira pamenepo kukonzekeretsa ana m'mawa kunakhala kwanu, ndipo usiku tinkasinthana podzuka kukawatembenuza amayi, inu muli ndi ntchito yanu yoti mulawirire. Ndikudziwa kuti alipo amene ankakunenani pokuonani mukuyanika zofunda za apongozi anu. Simunabweze mawu, ndipo simunandiwerengere ngati ngongole. Munavomeranso chinthu chovuta kuposa zonsezo, choti pakhomo tiziyendera malipiro anu okha mpaka bizinesi itaima, ngakhale zinatanthauza kudzimana zambiri zimene tinazolowera. Zikomo, bambo a ana anga.

Achemwali, achimwene, ndi inu alamu anga, ndimakumbukira tsiku limene tinakhala pansi. Ndinali ndi mantha kuti mudzaganiza kuti ndatopa nawo amayi. Achemwali ndinu amene munayamba kulankhula, munati, "Amayiwa anatibereka tonse, sanabereke iwe wekha." Kenako tinatenga pepala ndi cholembera. Zonena kuti tizithandizana tinali titanenapo kale kangapo, koma mawu otere sakhala ndi tsiku, ndipo ntchito imatsalira yemwe ali pafupi ndi bedi. Ulendo uno tinalemba dzina, tsiku ndi ntchito yake. Achemwali, Loweruka ndi Lamlungu. Alamu, masana a pakati pa sabata. Achimwene, popeza muli kutali, mankhwala ndi mayendedwe a kuchipatala mwezi uliwonse. Pepalalo tinalimata kuseri kwa chitseko cha chipinda cha amayi, ndipo likadalipo, lachita kuda ndi zala, mayina ena ofufutidwa n'kulembedwanso pamene wina anasinthana ndi mnzake.

Alamu anga, inu ndikuthokozeni mwapadera. Amayiwa si amayi anu okuberekani, ndipo muli ndi ana anu aang'ono. Koma munkafika nthawi yake, n'kundiuza kuti, "Pitani ku makina, kuno musakuganize." Amayi akakana kudya simunkabwera kudzandiitana, munkawanyengerera nokha mpaka adye. Maola amenewo ndi amene anasoka madiresi anga oyamba.

Tsopano nkhani ya ndalama, imene mabanja ambiri amaopa kuikamba. Bizinesi yaing'ono ya m'nyumba siifa kawirikawiri chifukwa chosowa makasitomala. Imafa chifukwa thumba lake ndi thumba la pakhomo ndi limodzi. Lero watapa ya sopo, mawa ya fizi, mkuja m'bale wabwera ndi vuto lenileni loti sungamukanize, ndipo palibe chimodzi mwa zimenezi chomwe ndi kuononga. Zonse ndi zofunika. Koma pofika tsiku logula nsalu ndi ulusi umapeza mpamba wapita, ndipo sungaloze tsiku limene unapita.

Amene anandiphunzitsa kutseka mpata umenewu ndi amayi ena achikulire, telala amene anayamba kusoka ine ndisanabadwe. Amayi, dzina lanu sindilemba pano chifukwa simukonda zotchuka, koma mukudzidziwa. Munandiuza kuti ndidzilembe ntchito ndekha, ndidziikire malipiro a pamwezi, ngakhale ochepa bwanji, ndipo okhawo ndi amene azilowa m'nyumba. Zotsala zonse ndi za bizinesi, zikhale ku akaunti yakeyake. Munandigulira kope n'kundionetsa polemba zolowa ndi polemba zotuluka, ngakhale zipi imodzi. Munandiphunzitsa kuwerengera mtengo wa chovala: nsalu, ulusi, mabatani, magetsi, mafuta a makina, kutha kwa makinawo, ndi nthawi yanga, imene poyamba sindinkaiona ngati chinthu chogulitsa. Munatinso ndisadule nsalu kasitomala asanapereke dipoziti, ndipo dipozitiyo si yanga mpaka chovala chitafika m'manja mwa mwini wake.

Ndinu nomwe munalangiza kuti ngongole ya makina isadutse m'manja mwanga, ipite kwa wogulitsa makinawo mwachindunji. Patapita nthawi ndinamva za kafukufuku amene anachitika ku Ghana, komwe eni mabizinesi ang'onoang'ono ena anapatsidwa ndalama m'manja, ena katundu kapena zipangizo za mtengo womwewo. Pakati pa amayi amene mabizinesi awo anali atayamba kale kuyenda, phindu linakwera kwa amene analandira katundu, koma kwa olandira ndalama silinasinthe kwenikweni. Sindinadabwe. Pakhomo pamene pali wodwala, ndalama ya m'manja sichedwa kupeza kolowera, pomwe makina sungawabenthule kuti ugulire mankhwala.

Lamulo losakhudza dipoziti lija linayesedwa koopsa. Ndinali nditalandira oda yaikulu yoyamba, mayunifomu a sukulu ina yaing'ono, ndipo dipoziti inali ku akaunti kudikira kuti ndikagule nsalu. Sabata yomweyo amayi anadwalanso, BP inakwera, tinathamangira nawo kuchipatala usiku. M'mawa mwake panafunika ndalama zimene pakhomo panalibe. Ndinakhala pa benchi la panja pa wodi, foni ili m'manja, ndalama ya mayunifomu ikuoneka pomwepo. Mwana aliyense akanaitapa, ndipo inenso mtima unali pomwepo. Ndinaimbira achimwene kuti ndiwadziwitse. Achimwene, mawu anu sindidzawaiwala: "Mlongo wanga, imeneyo si yako ndipo si yathu. Isiye. Za amayi ndi gawo langa, ndipatse mpaka masana." Sindikudziwa kumene munagogoda, ndipo mpaka lero simunandiuze, koma dzuwa lisanapendeke ndalama inafika. Mukanati ingotapa tidzabweza, ndikhulupirira kuti bizinesiyi ikanathera pa benchi limene lija, chifukwa kasitomala woyamba ukamukhumudwitsa mbiri imakutsogolera.

Aphunzitsi aakulu a sukulu imeneyo, ndinakuimbirani kukuuzani zoona zake, kuti mayunifomu achedwa chifukwa ndili kuchipatala. Munandiwonjezera masiku, ndipo teremu yotsatira munabweranso. Zikomo. Makasitomala ena nonse amene munkabwera kudzayezetsa m'nyumba yodzadza ndi fungo la mankhwala, n'kumalankhula motsitsa mawu poopa kudzutsa wodwala, zikomonso.

Abale ndi anzanga amene munalipira mtengo wonse osapempha kuti ndikuchotsereni chifukwa cha chibale, mwina munkaona ngati n'zazing'ono. Kwa ine sizinali zazing'ono. Kuuza m'bale wako mtengo n'kovuta kuposa kuuza mlendo, ndipo inu munandipeputsira pofunsa nokha kuti, "Ndi zingati?" Azakhali, inu munafika pokana nditafuna kukusokerani ulere, munati ndikapitiriza choncho ndidzatseka chaka chisanathe.

Ana anga, inu munalipira m'njira yanu. Panali madzulo ambiri amene munkafuna mayi wanu koma munkamva phokoso la makina. Iwe wamkulu, unkathandiza mng'ono wako homuweki ndi kumugoneka, ndipo sunajombe kusukulu ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha bizinesiyi, monga tinapangana ndi abambo ako kuti maphunziro anu sadzakhala mpamba wa ntchito yanga. Iwe wamng'ono, unaphunzira kuti chitseko chikatsekedwa amayi ali pantchito, ndipo unkadikira ndi nkhani zako zonse mpaka nditatsegula. Ndinkaona, ndipo ndimakunyadirani.

Amayi, inu mwina wina akuwerengerani izi. Panthawi imene mawu ankakuvutani, munalimbana nawo mpaka munandiuza kuti ndisakhale pambali pa bedi tsiku lonse, ndipite ndikasoke. Munandimasula ku chinthu chimene chinkandilemera kwambiri, maganizo oti ndikakhala pa makina ndiye kuti ndakutayani. A mafizo atanena kuti zala za dzanja lofookalo zizizolowera kutola tinthu ting'onoting'ono, munapempha chitini changa cha mabatani. Munkawasankha m'mitundu yake, akuda kwaokha, oyera kwaokha, poyamba limodzi limodzi movutikira, ena akugwera pansi, kenako mofulumirirapo. Lero mukuyenda ndi ndodo ndipo mumadya nokha. Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha moyo wanu, ndi anamwino ndi a mafizo onse amene anatiphunzitsa mosatopa.

Ndikudziwa kuti pakati pa owerenga pali wina amene luso ali nalo, maganizo a bizinesi ali nawo, koma ali yekha ndi wodwala, kapena malipiro ake ndi amene akuphunzitsa ana a abale ake onse moti kusiya ntchito sikungatheke. Sindingamuuze munthu wotere kuti angolimba mtima, ngati kuti chimene chikumusowa ndi kulimba mtima. Ine sindinali wolimbikira kuposa iye. Ndinali ndi anthu amene anatenga gawo lawo la udindo n'kulisenza mpaka kumapeto. Pempho langa likupita kwa abale a munthu woteroyo, makamaka inu amene muli kutali ndipo mumangoimba foni kufunsa kuti odwala ali bwanji. Mufunseninso wodwazikayo chimene iye akufuna kuchita ndi moyo wake, ndipo musankhe tsiku kapena bilu imene ikhale yanu.

Udindo kunyumba sunathe. Amayi akufunabe chisamaliro, ana akukula ndipo fizi ikukula nawo, ndipo tsopano pali lendi ndi malipiro a mtsikana amene ndamulemba, amenenso ali ndi anthu omudalira kwawo. Tagwirizana kale ndi abale anga kuti pepala la kagawidwe ka ntchito lipitirire, tangosintha maola popeza tsopano ndizichoka pakhomo. Makasitomala anga, dziwani kuti Lachitatu lililonse ndizitseka masana chifukwa ndi tsiku loperekeza amayi ku mafizo. Masiku ena onse a pakati pa sabata mundipeza, ndipo amene muli ndi oda ya mayunifomu a teremu ikubwerayi, chonde bweretsani miyezo msanga kuti ndigule nsalu nthawi ikadalipo.