Mabatire asanu ndi atatu, amoyo awiri

Lolemba ndi Lachiwiri tinali ku Area 25 ndi ku Area 49 ku Lilongwe, ntchito zomwe zija: mapanelo a sola anayi padenga, inveta yosinthira moto wa batire kukhala wa m'nyumba, batire ya lithium, mwininyumba akufunsa ngati firiji ndi pampu zingayakire limodzi. Chiwonongereni namondwe Ana damu la Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 n'kuzima tsiku limodzi, anthu a m'tauni sachitanso kuwanyengerera za sola. Anaona okha kuti Nkula, Tedzani ndi Kapichira zonse zimamwa mtsinje umodzi wa Shire.

Koma zomwe zandisowetsa tulo ndi za Lachitatu.

Abwana ananditumiza ku chipatala china chaching'ono chakumudzi, maola atatu pamsewu wafumbi, ati "kangoonako, mwina ndi fyuzi". Ndinanyamuka ndi multimeter yoyezera magetsi ndi masipanala basi, chifukwa kusitolo yathu kulibe ngakhale charge controller imodzi yapadera, kachipangizo kowongolera moto wolowa m'mabatire. Tikafunsa, yankho ndi lomwe lija la ndalama zakunja.

Anamwino anandilandira pakhonde. "Achimwene, mwabwera lero? Tinaimba foni mwezi watha." Anandiuza kuti usiku wa Lamlungu anachiritsa mayi wina ndi tochi ya foni, mlamu wa mayiyo ndiye atagwira foniyo, manja akunjenjemera. Katemera anachita kumusamutsira ku chipatala china panjinga yamoto, firiji itasiya kuzizira.

Nditatsegula kachipinda ka mabatire, fungo la asidi linandilandira. Mabatire asanu ndi atatu a 12V, akale aja othira madzi. Kutsegula zotsekera, m'kati mouma gwaa, mapuleti ali poyera, mitu yake itachita zoyera ngati ufa. Palibe amene anathiramo madzi chiikireni. Asanu ndi limodzi anali atafa, ena mwa iwo akuwerenga 10V osakwana. Kuseri ndinapeza waya wopyapyala wolowera ku nyumba ya wantchito wina, ndipo kumapeto kwake kunali simbi. Sindinamukalipire, nayenso amafuna kupita kuntchito ndi malaya osita, ngakhale simbi imodzi imamwa moto woposa mababu onse a pachipatalapo. Padenga mapanelo ali bwinobwino, fumbi ndi zitosi za mbalame zokha.

Chondipsetsa mtima ndi ichi. Anthu amene anapereka sola ija anabwera, anajambulitsa, anadula riboni, n'kumapita. Sanasiye munthu wophunzitsidwa, sanasiye botolo la madzi a batire, ndipo mu bajeti ya chipatala mulibe mzere wa mabatire. Timanyadira mamegawati a sola 60 a ku Salima ndi 20 a ku Golomoti, inenso ndimanyadira, koma chipatala chija chilibe nthambo yochokera kulikonse. Moyo wake ndi kachipinda kaja.

Ndinasankha mabatire awiri omwe anali ndi kamoyo, ndinawathira madzi, n'kuwalumikiza kuti apereke 24V. Ndinadula waya wa simbi, ndinatsuka mapanelo ndi ndowa yobwereka, ndipo magetsi ndinawasiyira chipinda chochirira chokha. Firiji ndinaisiya yozima.

Lachinayi linathera pamzere wa mafuta. Lachisanu ndinalemba mtengo wa mabatire atsopano, abwana anati tidikire a ku boma avomereze. Loweruka m'mawa anamwino aja ananditumizira uthenga pa WhatsApp: "Achimwene, anayaka mpaka 2 koloko usiku, kenako anazima. Mubwera liti?" Sindinawayankhebe.