Magazi a galu wamkazi si msambo

Anzanga oweta agalu, galu wamkazi akayamba kudontha magazi musamati wasamba ngati munthu. Apo ndiye kuti homoni (timadzi ta m'thupi toyendetsa ntchito za ziwalo) ya estrogen yakwera, kumaliseche kwatupa, khomo la chiberekero likufewa n'kumatseguka. Amphongo amaunjikana pabwalo koma iye amawakana, kwa masiku pafupifupi 9.

Kenako progesterone, homoni ina yothandiza kusunga bere, imayamba kukwera mazira asanatuluke n'komwe, ndipo akatuluka amafunikanso masiku 2 kapena 3 kuti akhwime. N'chifukwa chake kuwerenga masiku ndi zala pofuna kudziwa tsiku loti akweredwe kumanamiza. Kulibwino dokotala wa ziweto amuyeze magazi kuti aone mlingo wa progesterone.

Chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti khomo lija likatsekeka, progesterone imakhalabe yokwera pafupifupi miyezi 2, kaya ali ndi bere kaya ayi. Agalu ena mpaka kutulutsa mkaka, ana palibe!